A Zikomo-Bwana Anenerera Thirakitala

Lolemba

Kaitano Njobvu. Ndayamba ndi dzina lake chifukwa zonse zinayambira pa iye.

Chaka chimene mwana wanga Sabina anayamba kukwawa, gulu lathu la alimi linatuma anthu awiri ku Lusaka kukagula injini ya chigayo: ine ndi Kaitano. Mwini sitolo anatchula mtengo. Ine ndinakoka mpweya kuti ndiyambe kunenerera. Kaitano ananditsina pantchafu nanong'ona kuti: "Lipira, lole itisiya." Masiku amenewo lole ya kwathu ku Feira inali imodzi pa sabata. Ndinalipira. Mwini sitolo anatipatsa aliyense botolo la chakumwa chozizira, ndipo ine, poti ndinaleredwa bwino, ndinati zikomo bwana. Ndinathokoza botolo. Mtengo sindinauthokoze.

Titafika kumudzi, Kaitano anasewera nkhani yonse pamowa. Anagwada, anawomba m'manja, anapendeketsa mutu: "Zikomo bwana, zikomo bwana." Za kutsina sananene. Kuyambira tsiku limenelo dzina limene anandipatsa atate anga linafa. Pamzere wa kuchipatala amaitana kuti a Zikomo. Pa maliro a mkazi wanga wolankhula anati tataya amayi a kwa Zikomo-Bwana, ndipo ena kumbuyo anabisa pakamwa ndi chitenje. Sabina amene anali kukwawa uja lero ali ndi zidzukulu.

Nkhani ya sabata ino ndi iyi. Gulu lakhala likusonkha zaka zinayi, lagulitsa mbuzi, masau ndi mphasa, ndipo likufuna kathirakitala katsopano, kaja kakang'ono kotha kutembenuka m'minda yathu ya zitsa. Wogulitsa wachokera ku Lusaka ndi kamodzi kokha, wakaimika pabwalo la mpira pafupi ndi msewu wa ku Katondwe. Akhala mpaka Loweruka. Wapampando wa gulu ndi Sabina. Ndamupempha kuti wonenerera ndikhale ine. Akuti: "Ababa, si mbuzi iyi." Ndati ndikudziwa. Wavomera.

Malamulo amene ndagulira mbuzi moyo wanga wonse, ngakhale panalibe mboni:

1. Usaoneke ngati uli nacho kanthu.
2. Chimene ukufunacho usachiyang'ane. Yang'ana china.
3. Peza chilema.
4. Tchula theka. Akakana, nyamuka uzipita osacheuka. Akuitana yekha.
5. Pomaliza pempha mbasela, kowonjezera kaja ka pamwamba.
6. Osanena zikomo.

Pofika Loweruka anthu a kwathu kuno kwa Mburuma afuna dzina lina londiitanira.

Lachiwiri

Ndavala malaya ong'ambika paphewa ndi nsapato za matayala. Lamulo loyamba. Panjinga ndi ola limodzi ndi theka, ndipo dzuwa la mwezi uno limayamba kuluma nkhuku zisanamalize kutsika.

Kathirakitala kali apo, kofiira ngati matimati. Mpando wake ukadali m'pulasitiki. Nkhope ndaigwira. Ndadutsa ngati sindikukaona, ndakaima pa pampu yothiririra imene abweretsanso. Lamulo lachiwiri.

Wogulitsa ndi a Mulenga, munthu wa mimba ndithu, imvi pang'ono, thaulo paphewa, thukuta ngati angovuuka mu Zambezi. Akunditcha shikulu, ndiye kuti agogo mwa Chibemba cha kwawo. Aona kuti ndakonda pampu. Andifotokozera pampu. Ola lathunthu! Tsopano za pampu ndikuzidziwa kuposa aliyense kuno, koma dimba ndilibe.

Pabwalopo foni sigwira. Akafuna kulankhula ndi mabwana awo amakwera pachulu kuseri kwa golo. Ponyamuka akuti: "Shikulu, ndiyang'anireniko katundu, anthu asakwerepo." Ndalonda thirakitala mpaka dzuwa lapendeka. Pobwera andipatsa chipewa cha kampani ndi mapaketi awiri a mabisiketi. Ndangogwedeza mutu. Lamulo lachisanu ndi chimodzi ndalisunga.

Zimene ndapindula lero:
chipewa,
mabisiketi (amodzi ndadya),
nzeru za pampu.
Mtengo wa thirakitala sindinaumve nkomwe.

Kaitano anali pomwepo pansi pa msau, pakampando kake, ndodo pakati pa miyendo. Wakalamba kuposa ine, ngakhale ndinamutsogolera kubadwa. Wandikwezera dzanja. Ine ndayang'ana pampu.

Lachitatu

Lamulo loyamba ndalichotsa. Ndavala jekete ya maukwati ndi maliro, ndipo Sabina wandiperekeza. Wauza a Mulenga kuti: "Awa ndi atate anga, ndiwo olankhulira gulu." A Mulenga apukuta nkhope kawiri. "Shikulu, bwanji simunanene dzulo?" Andipatsa mpando wawo, iwo akhala pachigubu.

Mtengo aulemba papepala. Kumapeto kuli maziro anayi. Ine mano anditsalira atatu.

Ndanyamuka kukafuna chilema. Ndazungulira katatu, manja kumbuyo, ndikutsonya pang'onopang'ono monga timachitira pakhola.

Matayala akutsogolo ndi aang'ono kuposa akumbuyo. Akuti onse amabwera choncho.
Denga kalibe. Akuti denga lilipo, koma lili ndi mtengo wake.
Pulawo? Mtengo wake.
Ngolo yokoka? Mtengo wake.
Kukafikitsa kumudzi? Mtengo wake.
Kakadwala, makanika kubwera kuno? Mtengo wake.
Ndafunsa ngati chiwongolero nacho chili ndi mtengo wake. Sabina wandiponda phazi.

Ndawauza atsegule kutsogolo ndione m'kati, poti mbuzi timaiona mano. Muli mwaukhondo kuposa mbale zanga. Akuti muli mphamvu ya mahatchi makumi awiri ndi asanu. Ndawauza kuti kuno hatchi sangathe mwezi, kashembe amugwetsa, ndiye chiwerengero chimenecho kwa ife sichinena kanthu. Aseka mpaka chigubu chalira. Ine sindinali kuseketsa.

Pomaliza ndachipeza: kachipsera koyera pamwamba pa tayala lakumbuyo. Ndaitana anthu onse adzaone. Ndati katundu wovulala sagulitsidwa pa mtengo wa wamoyo. A Mulenga abwera ndi thaulo lawo, apukuta kamodzi. Zinali zitosi za mbalame.

Mbuzi iliyonse ili ndi pogwira: diso la misozi, chibwano chopotoka, mchira wa ndowe. Ichi chinthu sichinadyepo, sichinadwalepo, sichinagonepo panja. Munthu uyambira pati?

Pobwerera, pafupi ndi nyumba, Sabina wangoti: "Ababa, mukatopa mundiuze." Sindinatope. Mawa ndi tsiku la lamulo lachinayi, ndipo limenelo silinandigwetsepo.

Lachinayi

M'mawa. Ndapita ndekha, Sabina ali kumaliro kutsidya kwa mtsinje. Anthu ndi ambiri pabwalo, mbiri yamveka kuti a Zikomo-Bwana lero atchula wawo mtengo. Ndatsamiritsa njinga pagolo. Ndakhala pansi, ndatsokomola, ndatchula theka, pulawo ndi ngolo zili momwemo.

A Mulenga akuti: "Shikulu, ndikavomera zimenezo ndikagona ku polisi." Ndati ndiye basi. Akuti dikirani ndifunse ku Lusaka ngati pali kochotsako. Nthawi yake ndi imeneyi. Iwo akuyang'ana foni, ine ndaimirira, ndakonza jekete, ndayamba kuyenda.

Kuyenda kwake kuli ndi luso. Suthamanga. Umakoka mwendo pang'ono, khutu lili kumbuyo, maso kutsogolo. Wogulitsa mbuzi amakuitana usanathe mapazi makumi awiri. Wouma mtima amafika makumi anayi.

Makumi anayi. Zii.
Ndafika pamsewu. Zii.
Ndafika pamlambe waukulu. Ndaima ngati ndikuchotsa mwala mu nsapato. Zii.
Kucheuka sindingathe, anthu onse akundiona. Ndikacheuka, ndiye kuti ndagwada kachiwiri.
Ndawoloka mchenga wa mtsinje wouma, ukuwotcha ngati chiwaya. Apa m'pamene ndakumbukira njinga.

Kubwerera kukatenga njinga ndi kucheuka komwe. Ndayenda wapansi mpaka kunyumba, masana, mu jekete yakuda. Panjira ndapeza ndowe za njovu zofunda, ndipo ndinali wotopa kotero kuti sindinaope. Ikanabwera ndikanaipempha indiponde msanga.

Madzulo. Ndagona pamphasa, mapazi m'beseni. Ndamva belu la njinga. Kaitano! Waikankha njira yonseyo, poti kupalasa anasiya, ndodo yake wamangirira pakaliyala. Akuti: "Waiwala njinga, shamwali." Shamwali, ngati ndine bwenzi lake.

Sindinafune kumufunsa kanthu, koma pakamwa pandilaka. Ndati a Mulenga anaitana kangati? Akuti a Mulenga anali pachulu, atafulatira bwalo, foni kukhutu. Sanandione ndikuchoka. Atatsika anafunsa ngati shikulu apita kuchimbudzi, ndipo anandisungira mpando mpaka masana.

Ndamupatsa madzi Kaitano chifukwa ndine Mkhristu. Zikomo sindinanene.

Lachisanu

Mapazi atupa, nsapato yakana. Ndili pakhonde, nkhani zikundipeza pomwepa.

Yoyamba: wamalonda wina wa kumtsinje, amene amaolotsa katundu kupita ku Zumbo, ku Mozambique, wafika pabwalo ndi galimoto yake. Wakwera pathirakitala, wakhala pampando wa pulasitiki uja, wajambulitsa. Akuti abwera mawa.

Yachiwiri: a Mulenga akuti mtengo umatsatira dola, ndipo dola yakwera dzulo. Ndiye pamene ine ndinali kuwotcha mapazi pamchenga, mtengo nawo unali kuyenda, koma kupita kumwamba.

Yachitatu sinabwere kwa ine, yangodutsa kumpanda. Amayi awiri a m'gulu, mitolo ya nkhuni pamutu. Wina akuti: "Kale anagula modula, lero akana kugula. Tilimanso ndi makasu chaka chino." Mnzake akuti: "Ine msana unatha kale, mwina andilimira ndi jekete." Sanadziwe kuti ndili pakhonde, kapena anadziwa.

Kummawa kwayamba kuoneka mitambo. Izi ndiye zandiluma kuposa mapazi. Dzina ndi langa, koma minda ndi ya anthu. Muli amasiye m'gulu muno amene anagulitsa mbuzi yomaliza.

Ndachita monga timachitira nkhani ikaduka pakati: ndagwira nkhuku yanga yaikazi, yoikira, ndatuma Sabina akapereke kwa a Mulenga kuti titsegulenso pakamwa. Wabwera madzulo. Akuti a Mulenga athokoza kwambiri, sanadye nkhuku yakumudzi kuyambira pa Khirisimasi. Nkhuku yadyedwa. Mtengo sunasunthe.

Sabina sanandikalipire. Watenga foni ndi chikatoni chong'amba, wakwera pachulu chathu cha kuseri kwa khola. Ndamumva akulankhula Chingelezi chosakaniza, akubwereza mawu omwewo kwa anthu osiyana: pulawo ilimo? kubweretsa kulimo? makanika abwera kangati? Akulemba pachikatoni. Potsika ndamufunsa. Akuti waimbira masitolo ena awiri a ku Lusaka ogulitsa kathirakitala ka msinkhu womwewo. Ndati kunenerera kwa pafoni si kunenerera, munthu sumuona m'maso. Akuti: "Inde ababa. Mawa muvale jekete."

Malamulo otsala: lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi.

Loweruka

Andikweza pakaliyala ngati thumba la makala, Sabina akupalasa. Kuphazi nsapato za matayala, kumtunda jekete.

Pabwalo lole yafika kale kudzatenga thirakitala, matabwa okwezera atsitsa. Gulu lonse lilipo. Wamalonda wa kumtsinje sanaoneke. Akuti chithunzi chija anangofuna kutumizira mkazi amene akumufunsira.

Sabina wayala chikatoni pamwamba pa thirakitala. Sanakweze mawu, sanatsonye, sanazungulire. Waloza ndi chala: awa akuti chakuti pulawo ili momwemo, awa akuti chakuti ndipo abweretsa okha. Kenaka wayang'ana lole, nati: "Mukakwera nako mapiri onse aja kubwerera ku Lusaka, mafuta alipira ndani?" A Mulenga ayang'ana chikatoni, ayang'ana lole, apukuta khosi. Akwera pachulu. Ulendo uno ndakhala pampando osasuntha, ndawayang'anitsitsa mpaka atsika.

Zimene atsika nazo:
mtengo watsika pansi pa uja wa Lachitatu, za dola zaiwalika;
pulawo ili momwemo;
akafikitsa kumudzi lero lomwe;
makanika abwera kawiri kudzaona injini osalipiritsa;
aphunzitsa anthu awiri kuyendetsa.
Ngolo akana. Denga akana.

Anthu ayamba kuwomba m'manja, koma Sabina wakweza dzanja. Akuti: "Mawu omaliza ndi a atate. Akanavomera Lachitatu, lole iyi sitikanaiona, ndipo mtengo sukanatsika." Ndikudziwa kuti wanena pondimvera chisoni. Komanso ndikaganiza bwino, bodza palibe.

Ndaimirira pa mapazi anga otupa. Ndati: "Nanga mbasela?" A Mulenga aseka, akuti shikulu uyu andipha. Atulutsa chigubu cha oyilo, aika pansi. Ndaloza pampando, ndati pulasitikiyo isachoke. Avomera. Tagwirana chanza. Amayi aja a nkhuni aimba nthungululu. Zaka zonsezi ndimadikira mphindi imeneyi, ndipo inafika, ndinaigwira m'manja.

Kenaka a Mulenga atsegula bokosi lawo la ayezi. Atulutsa botolo, lozizira mpaka kutuluka thukuta, alitsegula okha, andipatsa ndi manja awiri. Kukhosi kunali kouma chiyambire Lachinayi. Ndalandira ndi manja awiri, bondo lapinda lokha, ndipo ndamva pakamwa panga pakunena.

Ndanena. Onse amva.

Ena agwa pansi. Woyendetsa lole, munthu wosadziwa nkomwe nkhani yake, naye waseka poona anzake. A Mulenga akufunsa kuti chachitika ndi chiyani, wina akuwafotokozera, akugwada, akupendeketsa mutu. Sabina watembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka.

Ndayang'ana pansi pa msau. Kaitano yekha sanali kuseka. Anali kukoka malaya a munthu wa pambali pake, akufunsa kuti: "Akuseka chiyani?"

Chakumwa ndamaliza. Chinali chabwino.

Lamulungu

Kathirakitala kagona pabwalo la Sabina, akafunditsa mphasa ziwiri. Anthu popita ku Misa akupatuka kudzakagwira. Aliyense wondipatsa moni akuwonjezera kugwada pang'ono. Dzina lija tsopano lafika ndi ku Lusaka, lapita pa lole.

Titatuluka m'tchalitchi ndamutsata Kaitano. Zaka zonsezi sindinamufunsepo maso ndi maso, ndimadikira kuti ayambe ndiye. Ndamupeza pamthunzi, akulimbana ndi chingwe cha nsapato. Ndati Kaitano, ukukumbukira ulendo wa chigayo? Nkhope yake yawala. Akuti akukumbukira: tinagona pasiteshoni titatsamira injini, ine ndinamufunditsa jekete yanga, chakumwa chinali cha malalanje. Ndati nanga kunditsina? Wandiyang'ana ngati ndalankhula Chipwitikizi cha m'buku. Ndati nanga dzina ili? Waganiza, waganiza. Akuti: "Zoona, shamwali, dzina limeneli anakupatsa ndani? Anali munthu woipa mtima."

Ndinayesa akundinyoza. Koma mkazi wake wandikokera pambali, akuti chiyambire mvula yatha zinthu zimamuthawa. Maina a zidzukulu amasokoneza. Lachinayi lija atachoka kwanga anasochera, anamupeza akulowera njira ya ku Kavalamanja kumene anabadwira. Chaka chatha munda wawo analima theka, ndipo njovu zinadya theka la thekalo. Ufa akupempha kwa achibale.

Ndabwera kunyumba, ndakhala pakhonde. Munthu ndamusungira mawu zaka zonsezi, ndawanola m'mawa uliwonse, ndiye iye wangotaya mlandu wake panjira ngati chikwama chobooka. Wakumbukira jekete. Ine jeketeyo ndinaiwala.

Masana gulu lakumana kukonza mndandanda wa minda. Agwirizana kuti poti ndinalankhulira gulu ndi kutupa mapazi, munda woyamba kulimidwa ukhale wanga. Ndati lembani wa Kaitano. Onse andiyang'ana. Mayi wina wayamba kunena za mtima wa Chikhristu, ndamudula. Si chifundo. Munthu wanjala amafa msanga, ndipo uyu sindinathane naye. Alimiridwe munda wonse mpaka kumalire, adye akhute, mutu ubwerere m'malo. Mabisiketi amene anatsala Lachiwiri ndamutumizira kale. Mawa ndipita kukakhala naye, ndiyambire pa siteshoni ndi chakumwa cha malalanje, tiziyenda pang'onopang'ono mpaka tifike pantchafu.

Thirakitala sindidzakwerapo, mwendo sufika. Dzina lasanduka langa, lidzalembedwa ndi pamtanda, ndavomera. Chimene ndikufuna ndisanatsikire m'manda ndi chimodzi. Kaitano Njobvu aimirire pakhomo la tchalitchi anthu akutuluka, ine nditamugwira mkono kuti asagwe, anene ndi pakamwa pake kuti: ndinamutsina ndine.